Galu wa Nyumba Ziwiri

Galu amene ndikulemba nkhani yakeyu poyamba sanali wanga. Anali wa mayi a kunyumba. Anamutola ali kamwana pa msika wa Bangula, kuseri kwa mabenchi ogulitsirapo nsomba, nabwera naye m'dengu pamodzi ndi tomato ndi mchere. Nditawafunsa ngati ndiwo za tsikulo zinali zimenezo, anandiyankha kuti, "Inu mumangokhala duu tsiku lonse ngati chulu. Ndapeza wocheza naye." Patapita zaka zinayi Mulungu anawatenga, galu n'kutsala ndi ine. Sindinganene kuti ndinkamukonda monga mmene iwo ankamukondera. Koma ankati akamva tcheni cha njinga yanga chikulira kumsewu, ankathamanga kudzandichingamira, ndipo kwa munthu wofedwa mkazi zimenezo si zazing'ono.

Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Nyumba yanga inayang'anizana ndi ya alamu anga, achimwene ake a malemu mkazi wanga, ndipo pakati pali bwalo ndi mtengo wa nimu. Maliro atatha, ana athu atabwerera kutauni, ndinayamba kumanga katundu kuti ndizipita kwathu. Alamu anandipeza ndikukulunga mphasa. "Mukachoka ndizinyoza ndani?" anatero. "Masulani zimenezo. Mwakalambira pano, mufera pompano." Anali munthu wa mawu aakulu, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, ndipo akayambitsa nyimbo ngakhale oodzera ankadzidzimuka. Akazi awo ndi a ku Ndamera. Ndimawatcha achemwali, iwo amanditcha achimwene, chifukwa mkazi wa mlamu wako ndi mlongo wako. Chifedwere changa, chakudya changa chinkachokera kukhitchini kwawo.

Galu ankadya nyumba zonse ziwiri. M'mawa ankakhala pakhomo panga, dzuwa likakwera ankadutsa bwalo kukagona pansi pa mpando wa alamu pakhonde, pamene panali dothi lozizirira. Achemwali ankamukalipira mu Chisena, ati mwanambwa wakuba, koma mitu ya mlamba ankamusungira ndi iwo omwewo.

Kuno kuli lamulo limodzi la agalu limene silinalembedwe paliponse koma aliyense amalidziwa. Galu akaoneka wodwala, wotuluka dovu kapena wosintha khalidwe, salindiridwa. Amuna amatenga zibonga, amamupha, amamukwirira m'dzenje lakuya. Lamuloli silinabwere chifukwa cha nkhanza. Tinaikapo m'manda mwana wa mnansi wathu amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo amene anaona mmene mwanayo anafera, akuopa madzi pomwe ali ndi ludzu, sangakuuzeni kuti tiyambe tadikira. Inenso ndinagwirapo chibonga kawiri, ndipo sindinalape, chifukwa sindinkaonapo tchimo.

Korona anandigwira m'nyengo ya mvula, nthawi imene maliro anachuluka moti wailesi inkangolengeza za imfa. Kumene ndinamutenga sindikudziwa. Mwina m'minibasi, mwina pa msika. Ndinayamba ndi kuphwanya m'thupi, ndikumati ndi malungo monga mwa masiku onse, mpaka tsiku lina nditamwa tiyi ndinapeza kuti sindikumva shuga, sindikumva masamba, ngati ndamwa madzi a mumphika. Kuchipatala anandipisa kamtengo m'mphuno, kenako anandiuza kuti ndi matenda omwewo. Popeza ndinkapuma bwinobwino, anandibweza kuti ndikakhale m'nyumba ndekha milungu iwiri, osayandikana ndi munthu.

Achemwali anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri. Anagadabuza mtondo pafupi ndi khomo langa, ndipo chakudya ankachiika pamenepo, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuitana ali pansi pa nimu. Mbale yanga ndi kapu yanga anazipatula, ankazithira madzi owira asanazikhudze. Ankandibweretsera masamba a bulugamu ndi mandimu kuti ndizifukiza. Koma chimene anachilimbikira koposa chinali cha amuna awo, chifukwa alamu ankadwala shuga. Ndinkawamva ndili m'nyumba.

"Mukangoponda pabwalopo, mundiona. Mwamva?"

"Ndamva, a dokotala."

"Musandiseke. Munthu wa shuga akamutenga korona sadzuka. Anena pa wailesi."

Za galu palibe anaganizapo. Inenso sindinaganizepo. Kuchipatala anati ndisayandikane ndi munthu, ndipo galu si munthu. Ankalowa, n'kugona m'mbali mwa mphasa yanga. Chakudya chinkandikanika, ndiye ndinkadya pang'ono, chotsala n'kumupatsa m'mbale momwemo. Chifuwa chikandigwira ndinkatsokomola dzanja lili pamsana pake. Masiku amenewo kunkatentha moti malata ankalira, ndipo mpweya wa chinthu china chamoyo m'chipindamo unkandilimbitsa mtima.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, masana, achemwali atapita kudimba, ndinamva chitseko chikukankhidwa. Anali alamu, atavala masiki ya nsalu imene inkawatsikira pansi pa mphuno, buku la nyimbo lili m'khwapa.

"Alamu, tulukani," ndinatero. "Mwaletsedwa."

"Taonani mmene mwaondera! Ndinkati ndinu wosaoneka bwino kale, koma apa ndiye mwapambana."

"Tulukani, chonde. Achemwali akamva..."

"Akamva kwa ndani? Kwa galuyu? Zaka makumi atatu ndikuzonda odwala a mumpingo, a khate, a chifuwa chachikulu, a matenda aja tinkaopa kuwatchula. Lero ndilephere kuzonda mlamu wanga amene ndikumumva kutsokomola ndili pakhonde panga? Mulungu ndikamuuza chiyani?"

Anakhala pa kampando pafupi ndi mphasa. Anapemphera, kenako anatsegula buku. Atayamba kuimba, masiki inkawalowa m'kamwa, ndipo anaivula n'kuiika pabondo. "Munthu sangatamande Mulungu atamangidwa pakamwa ngati ng'ombe ya ngolo," anatero. Anaimba nyimbo ziwiri motsitsa mawu, zimene kwa iwo zinali zovuta kwambiri. Ine ndinalira. Ndinali ndisanaone nkhope ya munthu chapafupi kwa masiku asanu ndi limodzi. Pochoka anandiika dzanja pamutu.

"Mlongo wanuyo asamve," anatero ali pakhomo. "Akamva andisinja pamodzi ndi mapira."

Anabweranso kawiri. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu sindinawauze kuti atuluke. Ndiyenera kulemba zimenezi mmene zinalili: dzuwa likapendeka, ndikamva achemwali akutenga khasu, mtima wanga unkayamba kudikira chitseko.

Ine nditayamba kupezako bwino, galu anayamba kuyetsemula. Kenako kachifuwa kouma, ngati wameza munga wa nsomba, ndi mamina m'mphuno. Anasiya kuthamangitsa nkhuku. Ankangodutsa bwalo pang'onopang'ono n'kukadzigwetsa pansi pa mpando wa alamu monga mwa chizolowezi. Achemwali anamuona. "Mwanambwa uyu akutsokomola ngati munthu," anafuula ali pansi pa nimu. "Achimwene, mwamupatsa chiyani?" Tinaseka tonse.

Patapita masiku atatu alamu anatentha thupi. Patapitanso masiku awiri anayamba kubanika. Galimoto imene inabwera kudzawatenga inaima pabwalo, ndipo ine ndinaimirira pakhomo panga, osaloledwa kuyandikira. Powakweza anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Mawu aakulu aja anali atatha, koma ndinamva.

"Alamu, zija ndi zathu."

Achemwali anayesa kuti akunena za ng'ombe zimene tinkaweta pamodzi. Ine ndinadziwa chimene ankanena, ndipo ndinagwedeza mutu.

Sanabwerere. Mtembo unabwera bokosi litakhomedwa kale, ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso, opopera mankhwala paliponse. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kwaya. Munthu amene anaimbira maliro a mudzi wonse anaikidwa dzuwa lisanafike pamutu, ndi anthu ochepa oima motalikirana. Ine ndinaonera ndili kutali, chifukwa anthu ankandiopabe.

Mwana wawo woyamba, amene amadula nzimbe ku esiteti, anafika maliro atatha kale. Ndi bambo wa ana atatu, wofatsa, ndipo kuyambira ali wamng'ono amanditcha amalume. Masiku awiri oyamba sanalankhule ndi munthu. Tsiku lachitatu anabwera n'kuima pansi pa nimu, foni ili m'manja.

"Amalume, ndikufuna timvane. Bambo kutchalitchi sankapita, anatseka. Kumsika sankapita. Amayi ankawasunga ngati dzira. Kwa inu sanaponde. Amayi ali bwinobwino mpaka lero. Nanga matendawa anadutsa bwanji bwaloli?"

Analoza galu, napitiriza.

"Chimene chinkalowa kwa inu n'kutuluka n'kukagona pansi pa mpando wa bambo ndi chimodzi chokha. Ndipo chinkatsokomola. Amayi anaona, inunso munaona."

Anandiyatsira mawu a pa foni amene anzake a kuntchito anamutumizira. Munthu wina, sindikudziwa wa kuti, ankanena mofulumira kuti kunja nyama zikugwidwa ndi korona, ndipo zikuphedwa zambirimbiri, tsono amene ali ndi galu kapena mphaka achenjere. Mawuwo atatha anandiyang'ana.

"Lamulo mukulidziwa, amalume. Galu wodwala salindiridwa. Uyu tamulindira, ndipo taika munthu. Ana anga akubwera kudzakhala ndi agogo awo. Sindingawabweretse galuyo ali pano."

Sanalankhule mwachipongwe. Maganizo ake anali olongosoka kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kupatula malo amodzi, ndipo malo amenewo ndinkawadziwa ine ndekha. Ndikanatha kunena pomwepo. Koma ndinayang'ana pakhonde, ndinaona achemwali atakhala pansi atavala zakuda, mayi amene chomutonthoza chokha chinali chakuti anachita zonse zotheka ndipo mwamuna wake anamumvera. Ndinakumbukira mutu wanga ukugwedezeka pamaso pa munthu wopita kukafa. Ndinakumbukiranso, ndisabise, kuti ndine mkamwini wopanda mkazi pa malo a eni, ndipo amene ankanditchinjiriza anali m'manda.

"Ndipatse masiku khumi, mwanangu," ndinatero. "A ziweto amati galu wokayikitsa azimangidwa masiku khumi. Ndimumanga kuseri. Sayandikira munthu."

"Zimenezo ndi za chiwewe."

"Nalonso lamulo ukunenali ndi la chiwewe."

Anaika foni m'thumba. "Masiku khumi," anatero.

Ndinamanga galu ku mtengo wa msawu kuseri kwa nyumba. Anali asanamangidwepo chibadwire, ndipo tsiku loyamba analira mpaka mawu kusasa. Ndinaganiza kuti ngati matenda ali pa ubweya wake ndingathe kuwachotsa, ndiye ndinatenga klorini amene alangizi a zaumoyo anatipatsa wothira m'madzi akumwa, ndinamusungunula wambiri m'beseni, n'kumusambitsa thupi lonse. M'mawa mwake maso ake anali ofiira, khungu la pamimba litatupa, akudzikanda mpaka kutuluka magazi. Anandinyambita dzanja lomwe linamuchita zimenezo.

Masiku anga okhala m'nyumba anali atatha kale, tsono miyendo italimba ndinapalasa njinga kupita ku Bangula kukafuna mlangizi wa ziweto, bambo amene amabaya ng'ombe zathu ndi kutemera agalu. Ndinamupeza pansi pa mtengo akukonza njinga yamoto. Nditamufotokozera za klorini anagwira mutu.

"Madala, mwafuna kuchapa galu ngati chimbudzi? Musadzachitenso. Madzi ndi sopo basi, ndipo ngakhale zimenezo sizichotsa kanthu, chifukwa matendawa sakhala pa ubweya ngati nthata."

Ndinamufunsa ngati galu angadwale korona.

"Angathe. Amphaka makamaka, agalu mwa apo ndi apo. Koma amamutenga kwa ife. Mwini wake akadwala, akamagona naye, akamadya naye mbale imodzi, ndi pamene amamutenga. Mukanamutulutsa panja tsiku lomwe munabwera kuchipatala. Ambiri amayetsemula masiku angapo n'kuchira okha. Kuyeza sitingamuyeze, zipangizo n'zoperewera ndi kwa anthu komwe. Mwinanso chinali chifuwa wamba cha agalu."

"Nanga iye kupatsira munthu?"

"Sindingalumbire kuti sizingachitike pa dziko lonse lapansi. Koma zimene tinaphunzitsidwa ndi zakuti n'zosowa kwambiri. Nyama zimene mwamva kuti zikuphedwa kunja ndi za m'makola akuluakulu, zothithikana zikwizikwi, si galu wa pakhomo. Uyu si chiwewe, madala. Chiwewe chimachokera kwa galu kupita kwa munthu. Uyu amayenda ndi anthu, ndi mpweya wa anthu. Munthu akadwala, funsani kuti anakhala pafupi ndi munthu uti."

Ndinamupempha kuti alembe zimenezo. Anang'amba pepala m'kope lake, analemba kuti galuyo asaphedwe, nasainira. Pobwerera ndinkapalasa ngati ndanyamula thumba la simenti. Ndinapita kukafuna chopulumutsira galu, ndipo ndinachipeza, koma pamodzi nacho ndinabwera ndi chimene mtima wanga unkachidziwa kale n'kumachikana: galu ndinamudwalitsa ndine, alamu ndinawadwalitsa ndine.

Mwana wa alamu anawerenga pepalalo kawiri, nalipinda bwinobwino, n'kundibwezera.

"A ziweto amadziwa ng'ombe. Iwo omwe akuti sangalumbire. Chabwino, amalume, tinene kuti akunena zoona. Ngati si galu, ndi ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mwaona? Palibe. Atsala masiku anayi."

Masiku anayi amenewo ndinapemphera kwambiri kuposa mmene ndinapempherera pa matenda a mkazi wanga, ndipo ndikuchita manyazi kulemba zimenezi. Ndinkadziuza kuti ndi galu chabe. Tsiku lililonse mbuzi zimaphedwa pa msika, palibe amalira. Galu mmodzi wokalamba pang'ono, kusinthanitsa ndi mtendere wa mayi wamasiye ndi lonjezo kwa wakufa, kodi pali chovuta? Mbusa aliyense akanandiuza kuti munthu ndi woposa nyama. Koma ndikapita kuseri ndi mbale, ndinkamupeza atachira. Chifuwa chinali chitatha, maso atayera, mchira ukumenya fumbi. Ndipo ndinkaona kuti nkhani sinali ya galu ndi munthu, kuti wamkulu ndani. Nkhani inali yakuti mlandu wanga ausenze wina amene sangathe kudzinenera. Ndinaganizapo zomutengera kutali, kutsidya kwa Shire, ndikamusiye kwa asodzi. Koma mwana wa alamu anali atauza kale anthu a m'mudzi, ndipo galu wodziwika kuti anapha munthu palibe akanamulandira. Akanamupha kumeneko, ine osaona, ndipo ndinazindikira kuti chimene ndinkafuna kwenikweni chinali chimenecho, kusaona.

Tsiku la khumi ndi chimodzi m'mawa anabwera ndi amuna awiri a m'mudzi, aliyense ndi chibonga. Dzenje anali atakumba kale kuseri kwa khola la ng'ombe. Mmodzi wa amunawo, mnzanga wa kutchalitchi, anayesa kupeputsa nkhani.

"Achimwene, musadandaule. Galu wanga wabereka ana asanu, mudzasankhe. Awa ndi opanda korona, tinawaveka masiki."

Palibe anaseka.

"Amalume, mumasuleni ndinu," anatero mwana wa alamu. "Ife atiluma. Mukafika naye kudzenje mubwerere, zotsalazo musaone."

Ndinamasula chingwe ku msawu. Galu anadumphadumpha, akuyesa kuti tikupita kudimba. Njira ya kukhola imadutsa pabwalo, kutsogolo kwa khonde la alamu, ndipo achemwali anali pamenepo akusankha nyemba m'lichero. Sanadzutse mutu. Galu atafika pamenepo anakoka chingwe kulunjika ku mpando uja, umene unali pomwe unkakhala, wopanda munthu. Miyendo yanga inaima yokha.

"Achemwali," ndinatero. "Alamu analowa m'nyumba mwanga."

Manja awo anaima m'lichero.

"Ndikudwala. Inu mukapita kudimba. Ankabwera kudzapemphera nane. Ankavula masiki poimba."

"Amalume, musanamizire wakufa chifukwa cha galu," anatero mwana wawo.

"Khala chete," anatero mayi ake, osamuyang'ana. Maso awo anali pa ine. "Kangati?"

"Katatu."

"Munawatsegulira ndinu?"

"Chitseko chinali chosakhoma."

"Simunawabweze?"

"Ulendo woyamba ndinawauza kuti atuluke. Maulendo enawo sindinawauze. Ndinkakondwa akabwera."

"Munkakondwa."

"Inde."

"Ine ndikuwiritsa mbale zanu. Ndikupsa manja."

"Inde, achemwali."

"Ndipo tsiku la galimoto lija, zija ndi zathu, ankanena zimenezi?"

"Zimenezi."

Anaika lichero pansi mosamala kuti nyemba zisatayike. Analankhula mawu angapo mu Chisena, osati kwa ine, koma kwa mpando uja, ndipo sindiwalemba pano. Kenako analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Kulira kumene sanalire pa tsiku la maliro, chifukwa cha anthu ovala zoyera ndi changu chawo, kunamveka tsopano.

Amuna awiri aja anayang'anizana, natsamiritsa zibonga ku nimu ngati si zawo, n'kuchoka. Mwana wa alamu anatsala. Ndinkayembekezera kuti andimenya, ndipo sindikanadziteteza.

"Masiku khumi," anatero. "Munandisiya ndikumbe dzenje. Munandisiya ndiuze mudzi wonse. Mukananena tsiku loyamba lija, ndikanati amalume ndi munthu wolimba mtima. Mukanakhala chete mpaka kalekale, amayi akanafa ali ndi mtendere. Inu mwasankha pakati, pomwe pali poipa kuposa ponse."

Sindinamutsutse. Mpaka lero sindinapeze pomutsutsira.

Galu sanaphedwe. Dzenje analikwirira lopanda kanthu. Ine sanandithamangitse. Ndinapita ndekha kwa akuluakulu a banja kukanena kuti ngati afuna ndichoke ndichoka, ndipo anati mawu a malemu alamu oti ndifere pompano sangafafanizidwe, ndikhale. Koma mtondo uja unabwerera kukhitchini, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimadziphikira. Ndinaphunzira ndili ndi imvi. Sabata isanathe, mwana wa alamu anadula bango kudambo n'kumanga mpanda pakati pa bwalo, kuchokera kumsewu mpaka kukhola. Nimu anatsalira mbali yawo. Anati ndi chifukwa cha ana, kuti galu asamawayandikire, ndipo tonse tinavomera kuti chifukwa chake n'chimenecho.

Galu sanamvetse za mpandawo. Miyezi yambiri, dzuwa likakwera, ankapita kukaima pamene panali njira yake, n'kumakanda pansi. Ndinkamuitana, osabwera. Kenako anazolowera kugona m'mbali mwa mpanda momwemo, kutsatira kamthunzi kake kopyapyala.

Achemwali amandipatsa moni tikakumana pa mjigo kapena kutchalitchi. Ndi moni wathunthu, wofunsa mmene ndadzukira ndi mmene alili ana kutauni, koma amanditcha bambo, monga mmene angatchulire munthu aliyense wachikulire. Mayi wina wa mumpingo anandiuza kuti chimene chimawapweteka si matendawo, chifukwa matenda sasankha. Ndi chakuti mawu omaliza a amuna awo sanali a kwa iwo. Anali a kwa ine, ndipo anali owabisira. Zimenezo akanafa osazidziwa ndikanapanda kutsegula pakamwa.

Ndayesa kuiweruza nkhaniyi ndipo yandikanika. Masiku ena ndimaona kuti ndinachita bwino mochedwa. Masiku ena ndimaona kuti ndinathyola lonjezo kwa munthu amene anataya moyo pondizonda, ndinalanda mayi wamasiye chomutonthoza, zonsezi chifukwa cha nyama imene ikudya ndi kugona osadziwa kuti panachitika kanthu. Alamu sindiwaimba mlandu. Anachita chimene anaphunzitsidwa kuti Mkhristu amachita. Mwana wawo sindimuimba mlandu. Anatsata lamulo limene linapulumutsa ana ambiri m'mudzi muno, kungoti linali la matenda ena. Pa mgonero wa Ambuye ndinakhala miyezi isanu ndi itatu osayandikira, mpaka abusa anabwera kudzandifunsa. Nditawafotokozera anati tipemphere. Nawonso sanandiuze mbali imene ndinalakwa.

Mvula ya chaka chatha inabwera ndi mphepo yoopsa, ndipo mpanda unagwa wonse, bango litawola kunsi. Kwa milungu itatu bwalo linali limodzi ngati kale. Ndinkaona achemwali akuyanika ufa, iwo ankandiona ndikutsuka mphika. Galu ndinamumanga, kuopa kuti angawoloke. Ndinkangodikira kuti ndione. Mwana wawo atabwera pa tchuthi anayenda m'mbali mwa mpanda wogwawo, akuuponda ndi phazi. M'mawa mwake ndinamva chikwanje chikusongola mitengo.

Ndinatuluka. Bango latsopano analiunjika mbali yanga, chifukwa ngolo inatsitsira kumeneko. Ndinatola mtolo umodzi n'kumupatsira pamwamba pa mzere wa mitengo. Anandiyang'ana, analandira, anamanga. Ndinatola wina. Tinagwira ntchito imeneyo mpaka dzuwa kufika pamutu, iye mbali yake, ine mbali yanga, osalankhulana, mpanda ukukwera pakati pathu mpaka nkhope yake inabisika.